Za funso langa lija la ma version pa maseva a Ansible

Sabata yatha ndinafunsa momwe ndingadziwire version ya pulogalamu imene ili pa seva iliyonse ndikamaliza deploy (kuika pulogalamuyo pa maseva) ndi Ansible, chida choyendetsera maseva ambiri nthawi imodzi. Zikomo nonse amene munandiyankha, tsopano zatheka.

Ntchito yomaliza mu playbook (fayilo ya ntchito zimene Ansible amachita) ikumalemba commit ya Git (nambala yosonyeza version ya pulogalamuyo) ndi tsiku pa seva iliyonse mu fayilo ya /etc/ansible/facts.d/pulogalamu.fact. Ndikalamula ansible all -m setup -a "filter=ansible_local", seva iliyonse imanena yokha zimene ili nazo. Maseva awiri ndinawapeza atatsalira pa version yakale, ine osadziwa.

Chimene chinandivutitsa kwambiri n'chakuti Ansible amatolera ma facts (zambiri zokhudza seva, kuphatikizapo za mu fayiloyo) poyambirira penipeni pa play (gawo la playbook), choncho mu play yomweyo ndinkaonabe zakale mpaka nditaitananso setup, imene imatolera ma facts. Komanso fayiloyo ikakhala JSON wamba (kalembedwe kosungira data), musaipatse chilolezo cha execute, chifukwa Ansible adzayesa kuiyendetsa ngati script.