Tebulo la pulu la mafiti 7 kapena 9: chimalimbitsa masewera ndi kukula kapena mabowo?

Baraka_Ulongwe:
Zikomo akuluakulu. Ndikufuna kuika tebulo la pulu m'baraka kuno ku Ulongwe. Chipinda chake ndi mamita 5 mulitali, mamita 4 mulifupi. Pali matebulo awiri ogulitsa: lina la mafiti 7 loponya fisha (kachitsulo konga ndalama kotsegulira mipira), lina la mafiti 9 lili ku Tete. Anyamata ena akuti laling'ono ndi la ana, mipira imangogwa yokha. Ena akuti ayi, laling'onolo ndiye limalavula mipira. Zoona ndi ziti? Nanga mabowo akakhala aakulu kwambiri, kalipentala angawachepetse osawononga tebulo?

Malume_Moatize:
Achimwene, yambani ndi tepi, dzina la mafiti lisakunamizeni. Muyeze m'kati, kuchokera pamphuno ya mphira (pomwe mpira umagunda m'mbali mwa tebulo) ya mbali ino kufika pamphuno ya mphira ya mbali inayo, chifukwa mpira umayenda mmenemo. Tebulo la mafiti 9 la chi America, lomwe bungwe la WPA, loyang'anira masewera a pulu padziko lonse, limagwiritsa ntchito pamipikisano, m'kati mwake ndi masentimita 254 kwa 127. La mafiti 7 lilipo la mitundu iwiri. La chi America m'kati ndi pafupifupi 198 kwa 99. La chingelezi, loseweredwa ndi mipira yofiira ndi yachikasu, mafiti 7 aja ndi a kunja pamodzi ndi matabwa. M'kati ndi 183 kwa 91 basi. Matebulo ambiri a fisha a m'mabaraka kuno ndi a mtundu wachiwiriwu.

Tsono nkhani ya chipinda ithetsa yokha funso lanu. Ndodo yosewerera ndi yotalika masentimita 145 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo iyenera kukwana mbali zonse zinayi. La mafiti 9 lifuna 254 kuphatikiza 290 (ndodo ya 145 mbali ino ndi inayo), ndiye mamita 5.44 mulitali, ndi mamita 4.17 mulifupi. Kwanuko silikwana. La chingelezi lifuna mamita 4.73 kwa 3.81, likwana koma mothina, popeza pamenepa sitinawerengere malo okokera ndodo m'mbuyo. Musungeko ndodo imodzi yaifupi ya masentimita 122 yogwiritsa ntchito mpira woyera ukakhala pamphira mbali yoyandikana ndi khoma, ndipo makireti ndi mipando zisakhale kumeneko.

Za kuvuta: tebulo lalikulu limalanga munthu ndi mtunda. Bowo la pakona la WPA pakamwa pake ndi masentimita 11.4 mpaka 11.7, mpira ndi masentimita 5.7. Malo otsala ndi pafupifupi 5.8, kutanthauza kuti mpira ukhoza kuphonya pakati ndi 2.9 kumanzere kapena kumanja n'kugwabe. Mpira ukakhala mita imodzi kuchokera pabowo, mwaloledwa kulakwa ndi madigiri 1.7. Ukakhala mamita awiri, atsala 0.8. Kuchokera kona ino kufika kona ya uko pa tebulo la mafiti 9 ndi mamita 2.84, pomwe pa laling'ono ndi mamita 2 ndi pang'ono. Ndipo mpira woyera ukakhala kutali ndi mpira womwe mukufuna kumenya, kugwedera pang'ono kwa dzanja kumakula usanafike n'komwe.

Ndodo_ya_Zobue:
A Malume anena zoona pa za mtunda, koma anyamata amene akuti laling'ono limalavula sakunama. Kukula kwa tebulo ndi theka chabe la nkhani. Muyerekeze bowo ndi mpira wake.

Pa tebulo la chi America mukaika mipira iwiri mogundana pakamwa pa bowo la pakona, imakwana ndendende, chifukwa 5.7 kawiri ndi 11.4. Pa la chingelezi mpira ndi masentimita 5.08 ndipo bowo la pakona limakhala pakati pa 8 ndi 9, malingana ndi amene analipanga. Mipira iwiri singalowe. Titenge 8.5: malo otsala ndi 3.4, ndiye 1.7 mbali iliyonse. Pa mtunda wa mita imodzi mwaloledwa digiri imodzi yokha. Choncho mpira wa mita imodzi pa tebulo laling'onoli ndi wovuta mofanana ndi wa mamita 1.7 pa lalikulu lija. Ana ake ndi ati pamenepo?

Kenako pali kasemedwe ka milomo ya bowo, ndipo apa ndi pomwe anthu ozolowera tebulo lina amadabwa. Milomo ya la chi America ndi yodulidwa mowongoka, pa madigiri 142 pakona ndi 104 pabowo la pakati. Mpira woyenda m'mbali mwa mphira umagunda mlomo wa kutsidya n'kulondoleredwa m'kati, bola usamenyedwe mwamphamvu kwambiri. Milomo ya la chingelezi ndi yobulungira ngati ya sinuka. Mpira ukakhudza mphira usanafike pabowo, umagunda pokhota paja, n'kudumphira mlomo winawo, n'kutulukanso kapena kuima pakamwa penipeni. Mpira womata pamphira pa tebulo lotere umafuna kukankhidwa pang'onopang'ono. Ukaumenya ndi ukali ubwerera. N'chifukwa chake odziwa kusewera pa matebulo amenewa amakonda kutseka mabowo ndi mipira yawo m'malo mothamangira kugwetsa.

China ndi kuthinana. Mipira 15 pa tebulo la mafiti 9 ili ndi malo okwana masikweya mita 3.2, pa laling'ono 1.7. Mukaswa, pa laling'ono mipira imaunjikana iwiriiwiri, itatuitatu, njira zimatsekeka, ndipo woyera ukapitirira ndi dzanja limodzi chabe wabisala kale kumbuyo kwa mpira wa mnzanu. Pa lalikulu vuto ndi kulunjika patali, pa laling'ono vuto ndi kuimika woyera pamalo ake. Woyamba kumene amaona laling'ono kuphweka chifukwa chilichonse chili pafupi, koma kumaliza mipira yonse osapereka mpata kwa mnzanu si kophweka konse.

Baraka_Ulongwe:
Ndamva akulu. Ndiye la mafiti 9 ndalisiya. Koma mwini wa laling'onolo akuti mipira yake inasowa, andipatsa ina ya manambala yomwe ali nayo. Palibe vuto?

Kalipentala_Furancungo:
Bambo, musalandire musanaiyeze. Mipira ya manambala ilipo ya 5.08 ndiponso ya 5.7. Mukaika ya 5.7 pa tebulo la chingelezi mwawononga zinthu zitatu. Bowo la 8.5 litsala ndi 1.4 mbali iliyonse. Mphira zikhala zotsika: mphuno ya mphira imayenera kugunda mpira pamwamba pang'ono pa pakati pake, pafupifupi 63.5 peresenti ya msinkhu wa mpira, ndiye mamilimita 36 kwa mpira waukulu ndi 32 kwa waung'ono. Mphira ikatsika, mpira umadumpha ukagunda, nthawi zina mpaka pansi. Chachitatu ndi makina a fisha. Mpira woyera wa tebulo la chingelezi ndi wocheperako, masentimita 4.76, ndipo makinawo amausiyanitsa ndi inzake chifukwa cha kuchepako: umagwera panjira yakeyake n'kutuluka, ina ija n'kutsekeredwa. Woyera ukakhala wofanana ndi inzake, ukagwa m'bowo uzitsekeredwa limodzi ndi inayo, ndipo muzingokhalira kutsegula ndi kiyi.

Za kuchepetsa mabowo, zimatheka pa milomo yowongoka. Mumamasula mabawuti a matabwa a m'mbali, kuchotsa nsalu kumapeto kwa mphira, kumatula kachikopa ka labala kamene kali pamlomo, n'kumata kena kokhuthalako. Mukawonjezera mamilimita 3 mlomo uliwonse, bowo lachepa ndi 6. Musasanjikize zigamba ziwiri zitatu, ndipo musadule za tayala kapena za patapata. Zolimba kwambiri zimabweza mpira womwe unayenera kugwa, zofewa zimaupha liwiro n'kuusiya pakamwa. Milomo yonse iwiri idulidwe ndi chikombole chimodzi cha katoni, mabowo onse anayi a pakona afanane, apo ayi anthu adzadziwa msanga bowo lomeza ndi lolavula n'kumakangana. Mlomo uyeneranso kupendekera m'kati chakunsi, madigiri 12 mpaka 15, kuti uzikankhira mpira pansi. Ukaima chilili, mpira umangonjanja pakati pa milomo. Pa milomo yobulungira, monga ya tebulo lanulo, musayambe n'komwe. Kupindako kumaumbidwa ndi mphira yeniyeniyo.

Muyang'anenso kakhonde ka mwala, kuchokera pakamwa pa bowo kufika pomwe mpira umagwera. Pa matebulo a WPA pakona ndi masentimita 2.5 mpaka 5.7, pabowo la pakati sikafika sentimita imodzi. Kakhonde kakakhala kakatali, mpira umalowa m'kamwa koma uli ndi poima, ndiye bowo lalikulu limatha kukhala louma kuposa laling'ono lomwe lili ndi kakhonde kakafupi.

Musanapereke ndalama, suzumirani kunsi muone ngati pansi pa nsalu pali mwala wa sileti kapena thabwa la utuchi wopanikiza. Thabwalo ndi chinyontho cha dzinja la ku Angónia limafufuma n'kupindika, mipira n'kumakhotera kubowo limodzi.

Malume_Moatize:
Kuwonjezera pa a Kalipentala: tebulo likakhala kuti linali kuno kotentha, ku Moatize kapena ku Tete, pansi pa malata, mphira zake zimauma msanga. Muzidine ndi chala chachikulu kuzungulira tebulo lonse. Yabwino imalowa pang'ono n'kubwerera. Youma imakhala gwa ndipo mpira ukaigunda umalira ngati wagunda thabwa. Mphira zouma pafupi ndi bowo zimalavulitsa mipira ngakhale muyezo uli wolondola.

Likafika, liikeni levulo mulitali, mulifupi ndi mopingasa, mukweze kapena kutsitsa miyendo, kenako mugubuduze mpira pang'onopang'ono m'mbali mwa mphira iliyonse muone ngati ukupatuka. Nsalu ya matebulo amenewa ili ndi ubweya wogonera mbali imodzi, ndiye burashi iziyenda kuchokera kumene mumaswera kupita kumene mumasanja mipira, osabwerera. Ndodo mugule za nsonga ya mamilimita 8 mpaka 9.5. Za 12 kapena 13 ndi za mipira ikuluikulu, pa woyera wa 4.76 zimaphimba pomwe mukufuna kumenya.