Ndapeza ntchito ku Tete, koma kutenthako anthu mumakhala bwanji?

Wa_ku_Domwe:

Moni nonse abale. Ine ndabadwira ku Angónia kuno mbali ya Domwe, ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, ndiye mkulu wina amene ali ndi ofisina yokonza ma thiraki pakati pa Matundo ndi Moatize wandiitana kuti ndikayambe kumayambiriro kwa Seputembala. Ndalama yake ndi yabwinoko kusiyana ndi zomwe ndimapeza pa Vila Ulónguè zowotcherera mageti ndi ngolo, koma chomwe chikundiopsa ndi kutentha basi. Ku Tete ndinapitako kamodzi kokha ku maliro, mu Juni, anthu akumeneko amati kukuzizira atavala ma juzi, ine ndili thukuta kamukamu. Nanga Okutobala ndikakhala bwanji?

Ndili ndi mayi akunyumba ndi ana awiri, wamng'onoyo ali ndi miyezi 7. Ndiwatenge pompano kapena ndiyambe ndekha? Nyumba ndifune bairo (dera la mumzinda) iti? Komanso chinyungwe sindichidziwa, chipwitikizi changa ndi cha kusukulu chomwechi chongothyolathyola. Amene mukukhala kumeneko ndithandizeni, osandinamiza chonde.

Mai_a_Chisomo:

Achimwene takulandirani. Ine kwathu ndi ku Tsangano ndiye kuzizira komwe mwazolowera ndikukudziwa, kuja timagona ndi mabulangete awiri ndi moto m'nyumba. Kuno ndatha zaka zambiri ndithu, ndimakhala ku Matundo. Sindikunamizani ayi, kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka mvula itagwa bwinobwino kumatentha kopitirira madigiri 40 masiku ambiri, ndipo vuto lenileni si masana, masana munthu umabisala pamthunzi, vuto ndi usiku. Khoma limamwa dzuwa tsiku lonse kenako likulibweza usiku, 11 koloko ukagwira khoma ngati wagwira mphika wophula kumene. Chaka changa choyamba ndinkalira ndithu, ndinkanyowetsa chitenje n'kufunda, pasanathe ola chauma gwaa, kudzukanso kukanyowetsa.

Ndiye za mwanayo ndikuuzani ngati mayi mnzake wa akazi anu: musabwere naye pano. Bwerani nokha, mupirire Okutobala ndi Novembala, muone nyumba mmene ikuchitira nthawi yoipitsitsayo, banja mudzalitenge cha mu Epulo kapena Meyi kukayamba kupola kuti thupi la mwana lizolowere pang'onopang'ono. Wanga ndinabwera naye ali ndi miyezi 5 mu Novembala, anatuluka tizilonda ta thukuta khosi lonse ndi m'khwapa, osagona, kuyamwa kokhakokha, inenso mutu waching'alang'ala chifukwa sindinkamwa madzi okwanira.

Nyumba mukamayang'ana musatengeke ndi penti. Pitani masana cha m'ma 2 koloko, lowani mutseke chitseko muime mphindi zisanu. Malata akakhala otsika opanda siling'i thawani ngakhale renda ikhale yotchipa bwanji. Onani ngati mawindo ali mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa, ndiponso ngati pabwalo pali mtengo, wa mango kapena wa nimu, ndiponso mpanda, poti miyezi imeneyo anthu ambiri timagona panja pa mphasa. Koma neti osaiwala, udzudzu wa m'mbali mwa Zambezi si wamasewera, ife akumapiri malungo amatigwetsa msanga. Funsaninso ma neba, osati mwini nyumba, kuti madzi amatuluka nthawi yanji. Kwathu kuno amabwera m'bandakucha, ndiye mgolo ndi zigubu ndi katundu woyamba kugula, bedi lidzabwera pambuyo. Mgolowo uzikhala pamthunzi, mukausiya padzuwa madzi ake simungasambitsire mwana.

Ventoinya (fani) gulani yabwino, koma dziwani kuti Credelec, magetsi olipiriratu aja, imatha ngati mchere m'madzi mukaphatikiza ndi jeleira (filiji). Ine ndimaphika nsima ya masana m'ma 10, ikakwana 12 sindiyandikiranso mbaula.

Dalaivala_Zobue:

Amayi anena zoona zokhazokha, ine ndiwonjezere za msewu poti ndi ntchito yanga, ndimayenda Tete - Zóbuè - Mwanza pafupifupi sabata iliyonse.

Bwana, khalani tsidya lomwe kuli ntchito. Mzinda wa Tete wagawidwa ndi Zambezi, tawuni yeniyeni ili tsidya lina, Matundo ndi Chingodzi komwe kuli bwalo la ndege zili tsidya la ku Moatize. Pakati pake ndi mlatho wa Samora Machel uja wolendewera pa zingwe wa nthawi ya Apwitikizi, ndiye m'mawa ndi madzulo pamadzaza, ukhale mu chapa (minibasi) anthu anayi pa mpando dzuwa likuswa mtengo, ukafika kuntchito watopa kale. Ife a magalimoto olemera timazungulira pa mlatho watsopano wa Kassuende umene anatsegula mu 2014, koma inu wa chapa ndi txopela (kanjinga kamoto ka matayala atatu) njira yanu ndi yakaleyo. Ofisina ikakhala mbali ya Matundo funani Matundo kapena Chingodzi basi. Kungoti ku Chingodzi chenjerani ndi malo otsika kufupi ndi Revúbuè, mtsinje uja ukakwiya suona nkhope, mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe Ana unadula mlatho wopita ku Moatize, magalimoto tinavutika nawo kwambiri. Nyumba ikatchipa modabwitsa kumeneko yang'anani pakhoma ngati pali mzere wa matope.

Ku Moatize kwenikweniko, makilomita ngati 20 kuchoka ku Tete, ndalama imayenda chifukwa cha migodi ya malasha, koma fumbi lake mukayanika malaya oyera mmawa madzulo mukaanula asintha mtundu. Wa mwana wakhanda ine sindingamulangize.

Chakudya mudzadabwa. Kabichi, tomato, mbatata ya kachewere, zomwe kwanu mumapatsana ulere pa dimba, kuno zimachokera kwanu komweko ndiye pa msika wa Kwachena mtengo wake mudzaseka mokwiya. Ndiye mukamapita kumudzi muzibwera ndi thumba la nyemba ndi ufa. Koma mbali ya ndiwo za nyama Tete ndi Tete, mbuzi ya kuno palibe yofanana nayo, anthu amati chifukwa imadya masau ndi malambe kutchire. Nsomba ya pende, kapenta wa ku Cahora Bassa, chikowa youma ija yamchere, izo ndiye mudzanenepa nazo. Madzi a malambe oundana a m'timapepala aja ana amagulitsa mumsewu, musawanyoze, masana amapulumutsa.

China, uno ndi mzinda wa panjira. A ku Malawi, a ku Zimbabwe odzera pa Cuchamano, a ku Zambia odzera pa Cassacatiza, onse amadutsa pano, ndiye anthu ndi osiyanasiyana, abwino ndi akathyali omwe. Inu mukamayankhula Chichewa ena azikuyesani Mmalawi, BI yanu (chiphaso cha unzika) izikhala m'thumba nthawi zonse. Ndalama musamayende nayo yambiri, ikani mu M-Pesa kapena e-Mola.

Kota_Nyungwe:

Kkkkk inu a ku Angónia mumaopa dzuwa ngati ndinu mafuta a nkhumba. Ife tabadwira momwemu, agogo athu anafera momwemu ndi ukalamba, palibe anasungunuka. Bwerani achimwene, miyezi itatu yokha ndi yovuta, inayo ndi moyo. Juni ndi Julayi kuno ndi kokoma kuposa kwanu kumene mumasamba kamodzi pa sabata.

Chinyungwe musade nacho nkhawa, ndi chapachibale ndi chanucho, madzi ndi madzi, nyumba ndi nyumba. Mukamva wina akuti "muli tani" akukupatsani moni, mukamva "lini" kumapeto dziwani kuti wakana. Mwezi umodzi mudzakhala mukutsutsana mtengo pamsika. Chimodzi chokha ndikuchenjezeni mosaseka: kutenthe bwanji, musakasambe mu Zambezi malo amene simukuwadziwa. Ng'ona zilimo ndipo zimatenga anthu.

Mai_a_Chisomo:

A Kota, zosamba kamodzi pa sabatazo mwatinamizira kkkk. Koma inu mukapita ku Tsangano mu Juni mudzalira amayi.

Soldador_Matundo:

Mnzanga wa ntchito imodzi, ine ndiyankhule za ntchitoyo poti enawa anena za kunyumba. Kuwotcherera kuno si chimodzimodzi ndi ku Vila. Chitsulo chikakhala padzuwa kuyambira mmawa, 1 koloko sungachigwire ndi dzanja ngakhale usanachiyatse moto, sipanala yomwe imawotcha. Ndiye uvale ovolosi, magolovesi, chigoba kumaso, ugone pansi pa thelera pa nthaka yotentha... ine tsiku lina ndinangoona mdima, anzanga anandikokera pamthunzi n'kundithira madzi. Chinandipusitsa n'choti thukuta linali litasiya kutuluka ndiye ndimati ndazolowera, kumene ndiye kunali kuopsa kwakeko. Panopa ndimayenda ndi chigubu cha malita 5 chokutidwa ndi saka yonyowa, ndimamwa ndisanamve ludzu, ndipo mkodzo ukayamba kufiira ndimadziwa kuti ndatsalira. Mowa wa masana siyani, makamaka kachasu wa masau, ameneyo ndi dzuwa la kuno sizigwirizana.

Musanakwere chapa mufunse patarau (bwana) wanuyo zinthu izi momveka: ntchito imayamba nthawi yanji, masana mumapuma maola angati, pali shedi kapena mumagwirira pamtetete. Ma ofisina anzeru amayamba 6 koloko kapena isanakwane, ntchito yolemera ithe dzuwa lisanakwere. Komanso kontaratu ikhale yolemba, ndipo mufunse ngati akakulembetsani ku INSS, bungwe la boma la penshoni ya ogwira ntchito. Ine komwe ndinayambira tinangogwirizana pakamwa, miyezi iwiri yoyamba ndinalandira theka, akuti inayo ndi ya chakudya ndi malo ogona, malo ake kontena ya chitsulo yopanda windo, tangoganizani mu Novembala. Ndinagona pamwamba pake mpaka ndinachoka.

Wa_ku_Domwe:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndakambirana ndi mayi akunyumba, agwirizana nazo zoti atsale kaye akolole nyemba, adzabwere mu Meyi. A Soldador mwandiopsa ndi kontenayo chifukwa mkuluyo anati malo ogona alipo pa ofisina pomwepo koma sindinafunse kuti ndi otani, mawa ndimuimbira. A Mai a Chisomo, ngati mungamve za dependensiya (kanyumba ka kuseri) ya chipinda chimodzi ku Matundo yokhala ndi mtengo pabwalo mundiuze, ndifika Loweruka pa 30 ndi chapa ya mmawa.

Mai_a_Chisomo:

Ndifunsa kutchalitchi Lamulungu. Mubwere ndi kachewere theka la thumba, ndikubwezerani ndalama yake mukafika.