Gulu la anthu 14 likupita ku Assisi: ndiwagoneke kumtunda kapena kumunsi?

Wamatikiti wa ku Limbe

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi gulu la anthu 14 a parishi ina loti lipite ku Italy mu Okutobala. Adzatera ku Fiumicino, bwalo la ndege la ku Roma, m'mamawa kudzera ku Addis Ababa, n'kulunjika ku Assisi tsiku lomwelo, kugona kumeneko masiku atatu, kenako Roma. Za ku Roma zatheka kale. Pagulupo pali mabanja atatu, amayi asanu, abambo awiri ndi bambo mfumu. Anayi adapyola zaka 65 ndipo mmodzi amayendera ndodo. Thumba lawo ndi mayuro 50 munthu mmodzi pa usiku.

Pa Booking.com ndapeza mahotela awiri. Ina ili pafupi ndi Piazza del Comune, ina ikuti Santa Maria degli Angeli, koma zonse zalembedwa kuti Assisi. Ya ku Piazza del Comune ikutsika mtengo ngati tilipiriratu zonse, koma ndalama yake sabweza. Viza sanatenge. Nditseke iti, ndipo nditseke bwanji?

Mayi wa maulendo, Area 3

Achimwene, musanayang'ane mtengo yang'anani mapu, chifukwa amenewa ndi malo awiri osiyana. Assisi wakale, komwe kuli Piazza del Comune, ali pachitunda, m'mbali mwa phiri la Subasio. Santa Maria degli Angeli ili kuchigwa, makilomita pafupifupi anayi kuchokera kumtundako, ndipo siteshoni ya sitima yolembedwa kuti Assisi ili kumunsi komweko. Munthu wotsika sitima amakhala atafika ku Santa Maria degli Angeli, osati kumzinda wa pazithunzi uja.

Kwa gulu lanuli ine ndikuti kumunsi. Kumtunda misewu ndi yopapatiza, yamiyala, ndipo paliponse mukukwera kapena kutsika. Mkati mwa linga galimoto sizilowa mwachisawawa, pali malire otchedwa ZTL. Ndiye lingalirani anthu 14, aliyense ndi sutikesi ya makilo 23, atagona m'ndege usiku wonse, akukoka katundu pamtunda. Kuwonjezera apo mahotela ang'onoang'ono a kumtunda ambiri ali m'nyumba zakalekale zopanda chikepe. Akakuuzani kuti chipinda chili pa secondo piano, ndiye kuti n'kukwera masitepe a nsanjika ziwiri, popeza pansi penipeni amapatcha piano terra. Gogo wa ndodoyo zimenezo katatu patsiku sangazithe.

Kumunsi n'kwathyathyathya. Kuchoka pa siteshoni kukafika ku tchalitchi chachikulu chomwe mkati mwake muli Porziuncola, katchalitchi kakang'ono ka Francesco Woyera, ndi mphindi khumi wapansi. Komanso musaganize kuti mwawagoneka kutali ndi malo oyera. Francesco Woyera adamwalirira komweko m'chaka cha 1226.

Wolondolera alendo ku Umbria

Mayi anena zoona, koma tisakupeputse kumtunda. Alendo a tsiku limodzi akachoka cha m'ma 6 koloko madzulo, mzindawo umakhala phee, ndipo wogona kumeneko amapita wapansi ku Misa ya m'mawa ku manda a Francesco Woyera osadikira basi. Likadakhala gulu la achinyamata a zikwama zakumsana ndikadati kumtunda. Koma ndi anayi achikulirewo, kumunsi basi.

Kayendedwe kake ndi aka. Basi ya Busitalia yolembedwa C imanyamuka pa siteshoni pafupifupi theka la ola lililonse, imaima kumunsi kwa tchalitchi cha San Francesco, kenako cha ku Porta Nuova, n'kukathera pa Piazza Matteotti, pamwamba pa mzinda. Anthu ambiri amatsikira malo oyambawo n'kumakwera mtunda tsiku lonse. Inu auzeni akatsikire ku Matteotti kuti aziyenda motsetsereka: San Rufino, Santa Chiara, Santuario della Spogliazione komwe kuli thupi la Carlo Acutis, Piazza del Comune, n'kumalizira ku San Francesco. Pamenepo basi yobwerera ili pafupi. Matikiti agulireni limodzi m'sitolo ya pa siteshoni kapena ya fodya ya chikwangwani cha T, ndipo aliyense adinditse yake m'kamakina akangokwera.

Ku San Damiano ndi ku Eremo delle Carceri, malo oyera a kunja kwa linga, musawayendetse wapansi. Kupita ku San Damiano n'kotsetsereka koma pobwerera mawondo amalira, ndipo Eremo ili makilomita anayi kukwera phiri. Apanganireni galimoto ya hayala theka la tsiku.

Masiku ake mwasankha ati? Pa 3 ndi pa 4 Okutobala ndi chikondwerero cha Francesco Woyera, pa 12 ndi cha Carlo Acutis yemwe adalengezedwa kukhala woyera pa 7 Seputembala 2025. Masiku amenewo ndi oyandikana nawo zipinda zisanu ndi ziwiri m'hotela imodzi pa mayuro 50 simuzipeza.

Wamatikiti wa ku Limbe

Masiku akhoza kusuntha, tikiti ya ndege sindinadule. Iwo chikondwererocho sakuchiumirira. Ndiwaike pakati pa sabata, Lachiwiri mpaka Lachisanu, pakadutsa pa 12. Nanga za kulipiriratu zija? Kusiyana kwake kukukopa, ndipo atsogoleri a gulu achiwona kale pa foni zawo.

Wa za maviza, Lilongwe

Bambo, mtengo wosabweza ndalama musaukhudze viza isanatuluke, ngakhale atsogoleriwo aumirire. Pa anthu 14 n'zotheka kuti mmodzi kapena awiri akanidwe, kapena mapasipoti abwere mochedwa. Zikatero ndalama yapita, ndipo adzaifuna kwa inu.

Koma njira inayo, yongosungitsa chipinda n'kukalipira pofika, nayonso ili ndi msampha. Hotela imayesa khadi lomwe mwasungitsira. Makhadi athu a kwacha, ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku, nthawi zambiri amakana kapena amagunda malire. Khadi likakana, hotela ili ndi ufulu wofafaniza zipinda mukapanda kupereka lina msanga, ndipo uthenga wake umangolowa pa imelo mwakachetechete. Pamenepo pepala lomwe mwapereka pofunsira viza limakhala losonyeza zipinda zomwe kulibe. Akaimba foni kuhotelako n'kumva kuti dzinalo salidziwa, gulu lonse lili pamavuto. Ndiye imelo yomwe mwabukitsira muziyiona tsiku lililonse kufikira mapasipoti atabwera.

Zofunika pa fayilo ya aliyense: umboni wa malo ogona wa usiku uliwonse, popanda usiku wodumpha pakati pa Assisi ndi Roma, dzina la munthuyo lioneke pa umboniwo monga lilili m'pasipoti, osati dzina la mtsogoleri yekha, inshulansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000 yogwira m'maiko onse a Schengen (maiko a ku Ulaya olowedwa ndi viza imodzi, kuphatikizapo Italy), pasipoti yokhala ndi masamba awiri osalembedwa, yomwe idzakhale ikugwirabe ntchito miyezi itatu atatuluka m'maikowo. Viza ya munthu wamkulu ndi mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024. Amalola kufunsira kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, choncho palibe chifukwa chodikira Seputembala. Kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka, ndiye nthawi yoyenda mapepala muiwerengeretu.

Mayi wa maulendo, Area 3

N'chifukwa chake gulu lotere sitilibukitsa pa Booking.com. Pamenepo ndi pongoonera mitengo ndi ndemanga. Zipinda zikachuluka hotela zambiri zimaika malamulo ena a gulu, osiyana ndi omwe mwaona pa sikirini. Lemberani hotela mwachindunji, zitatu kapena zinayi, kuphatikizapo nyumba za alendo za masisitere ndi ansembe zomwe amazitcha casa per ferie. Ku Santa Maria degli Angeli zilipo, ndipo magulu a parishi adawazolowera.

M'kalatamo zipinda muzitchule m'Chitaliyana, chifukwa apa ndi pomwe zimasokonekera. Mukangolemba kuti chipinda cha awiri, akhoza kukupatsani bedi limodzi lalikulu, abambo awiri osadziwana n'kupezeka akuyang'anizana pakhomo. Lembani chonchi: 3 matrimoniali za mabanja, 2 doppie con letti separati, china cha amayi awiri china cha abambo awiri, 1 tripla con tre letti singoli cha amayi atatu, ndi 1 singola cha bambo mfumu. Zonse pamodzi zisanu ndi ziwiri. Pa tripla funsitsani, chifukwa bedi lachitatu nthawi zina limakhala kabedi kopinda, ndipo mayi wamkulu sangagonepo masiku atatu. Onjezani kuti bagno privato m'chipinda chilichonse, komanso kuti achikulire anayi akhale pansi kapena pafupi ndi chikepe, m'zipinda za shawa osati bafa lolowamo mochita kudumpha.

Mtengo mufunse wa mezza pensione, kutanthauza kugona, kadzutsa ndi chakudya chamadzulo. Poyamba umaoneka wokwera, koma werengani bwino. Malo odyera kumeneko amatsegula cha m'ma 7:30 madzulo, ndipo amawonjezera kandalama ka coperto pa mutu uliwonse. Kufunafuna tebulo la anthu 14 usiku uliwonse n'chintchito. Funsaninso ngati madzi a patebulo ali momwemo. Za kadzutsa achenjezeni anthu anu: nthawi zambiri ndi khofi, kabanzi kotsekemera ndi jamu. Wozolowera phala kapena mbatata pofika 10 koloko njala yamupweteka. Hotela zina zimawonjezera mazira ndi tchizi mukapempheratu.

Pa ndalama, pemphani kuti chikole, iwo amati caparra, chikhale chochepa, ndipo alembe poyera zinthu zitatu: tsiku lomaliza kusintha chiwerengero cha anthu popanda chilango, zomwe zichitike wina akakanidwa viza, ndi tsiku lolipira zotsala. Invoisi yawo ndi yomwe mupite nayo kubanki popempha mayuro, ndipo kubanki mupiteko msanga. Potumiza, ndalama zomwe mabanki amadula panjira zikhale zanu, apo ayi hotela ilandira zoperewera n'kuyamba kukulemberani. Musanatumize kalikonse onani kuti dzina la pa akaunti ndi la hotelayo, ndipo imbani foni pa nambala ya pa webusaiti yawo kutsimikiza IBAN, nambala ya akauntiyo. Malo ogona ovomerezeka onse tsopano ali ndi nambala ya boma yotchedwa CIN, apempheni ailembe pa kalatayo.

Wolondolera alendo ku Umbria

Kuwonjezera pa za mayi: msonkho wa mzinda, imposta di soggiorno, kawirikawiri sukhala mu mtengo womwe akupatsani. Amawerengera munthu aliyense pa usiku ndipo amalipirira pahotela pomwepo. Ndi ndalama yochepa, koma ikatulukira tsiku lonyamuka anthu atamaliza mayuro awo pogula makolona, pamakhala mkangano. Funsani kuti ndi zingati, muiphatikize pa mtengo wa gulu, mtsogoleri aisunge mu envulopu.

Ku nyumba za masisitere funsani ola lotseka geti, ndipo ku hotela yaing'ono funsani ngati pa risepushoni pamakhala munthu usiku. Pofika aliyense adzapereka pasipoti, chifukwa lamulo limati hotela itumize maina a alendo kupolisi pasanathe maola 24. Mukatumiziratu mndandanda wa maina, masiku obadwa ndi manambala a mapasipoti, gulu silidzaima ola lathunthu pakhomo.

Bambo mfumu asaiwale celebret yawo, kalata yotsimikiza kuti ndi wansembe wololedwa kuchita Misa, ndipo ngati akufuna kuchita Misa ya gulu ku Porziuncola kapena ku San Francesco, malo amasungitsiratu polembera ofesi ya tchalitchicho.

Wamatikiti wa ku Limbe

Zamveka bwino. Chatsala ndi tsiku lofikalo. Ndege ikutera m'bandakucha, zipinda amapereka 2 koloko masana. Ndiwakweze Leonardo Express, sitima yochoka pa bwalo la ndege kupita mumzinda wa Roma?

Wa ndege ndi sitima, Blantyre

Leonardo Express ndi mayuro 14 munthu mmodzi, mphindi 32 kukafika ku Roma Termini. Koma pali ina yotsika mtengo, FL1, mayuro 8, yomwe imachoka pa bwalo la ndege pomwepo n'kukaima ku Roma Tiburtina. Sitima zambiri za Regionale Veloce zopita ku Foligno ndi Perugia zimaima ku Tiburtina. Pa anthu 14 mwapulumutsa mayuro 84, komanso mwapewa chipwirikiti cha ku Termini komwe sitima za ku Umbria nthawi zina zimanyamukira kumapeto kwenikweni kwa siteshoni. Ubwino wa Termini ndi umodzi: sitima imayambira pomwepo, ndiye mipando ndi malo a katundu zimapezeka. Sitima zimenezi mipando yake siisungitsidwa.

Kuchoka ku Roma kukafika ku Assisi ndi maola awiri ndi mphindi zingapo. Pa webusaiti ya Trenitalia, kampani ya sitimazi, sankhani yopita osasintha. Zina zimafuna kusintha ku Foligno, ndipo mphindi zochepa zosinthirazo sizikwanira gulu la masutikesi ndi gogo wa ndodo. Siyani maola atatu pakati pa kutera kwa ndege ndi sitima ya ku Assisi, chifukwa mzere wa mapasipoti a kunja kwa Ulaya umatalika. Funsaninso mtengo wa gulu, umayambira pa anthu 10. Tikiti ikakhala ya pepala, aidinditse m'kamakina ka pa siteshoni asanakwere, apo ayi ndi chindapusa ngakhale adalipira. Kutatsala sabata imodzi onani ngati kwalengezedwa sitalaka ya sitima. Ikakhalapo pakati pa sabata, sitima za m'madera zimayendabe kuyambira 6 mpaka 9 koloko m'mawa ndi 6 mpaka 9 koloko madzulo.

Akafika cha kumasana. M'kalata ija onjezani kuti awasungire katundu mpaka zipinda zikonzedwe, apite ku Porziuncola wapansi akadye nkhomaliro kufupi komweko. Kumtunda tsiku limenelo ayi.

Mapulagi athu a mano atatu amakona sakalowa m'masoketi a kumeneko. Agule maadaputa kuno, chipinda chilichonse awiri. Ketulo m'zipinda zotsika mtengo simukhala, ndipo madzi a pampopi ndi abwino kumwa. Mausiku a Okutobala kumazizira, pomwe zotenthetsera m'nyumba lamulo limaziikira masiku oyambira kuyatsa, ndiye anyamule majuzi ndipo apemphe mabulangete owonjezera.

Wa za maviza, Lilongwe

Kanthu kamodzi pa mawotchi. Kufikira Lamulungu lomaliza la Okutobala nthawi ya ku Italy ndi yofanana ndi ya kuno. Usiku wa Loweruka lake amabweza wotchi ndi ola limodzi. Ngati masiku a ku Roma akudutsa pamenepo, mtsogoleri adziwe, kuopa kusokoneza nthawi ya basi yopita ku bwalo la ndege.

Wamatikiti wa ku Limbe

Zikomo kwambiri nonse. Ndalembera malo anayi a ku Santa Maria degli Angeli, awiri mwa iwo a masisitere, ndi mndandanda wa zipinda monga mayi anenera, mezza pensione, Lachiwiri mpaka Lachisanu. Ya ku Piazza del Comune ndaisiya. Atsogoleri a gulu ndikumana nawo Loweruka kuti ndiwafotokozere chifukwa chake, ndipo ndiwatengera mapu osonyeza chitundacho. Mayi, akayankha ndikutumizirani mundionereko ndime ya chikoleyo ndisanapite kubanki.