Kupuma ntchito msanga n'kukakhala kumudzi

NaMbewe: Abale ndithandizeni nzeru, ndikufuna kupuma ntchito ndisanafike zaka 60, tigulitse nyumba ya ku Area 25 tikakhale m'nyumba yakale ya malemu agogo ku Dedza, ana anakula kale ndiye zipinda zinayi n'zachiyani. Alipo anayesapo?

Chimwene: Amayi yambani mwaona kudenga, nyumba zakalezi chiswe chimadya mitengo mkati kunja penti ali bwinobwino, kenako malata, sola, mjigo, penshoni yonse imathera pomwepo.

Achisale: Malowo ndi andani? Kwathu kuno malo amayendera kuchikazi, mukangokonza nyumbayo abale atulukira. Khalani pansi ndi amalume komanso amfumu mulembetse, lamulo la malo la 2016 limalola.

MayiAwiri: Musagulitse ayi, ikani lendi. Nanga chipatala chili patali bwanji? BP sidikira minibasi.

NaMbewe: Zalendizo ndazimva, ndikambirana ndi bambo akunyumba.