Kodi achinyamata a masiku ano amamwaza ndalama kuposa makolo awo?

Nambewe, Area 25, Lilongwe

Ndikupempha maganizo a akuluakulu komanso a anzanga amene tinabadwa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale, koma anamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata kumudzi, anatiphunzitsa tonse ndipo anasiya ng'ombe m'khola. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi, malipiro anga ndi ochuluka kuposa amene iwo analandirapo, komabe ndikukhala m'nyumba ya lendi ndipo ndalama zimatha mwezi usanafike pakati. Akuluakulu amati vuto ndi ife chifukwa timakonda mafoni odula, zovala, maphwando ndi kudya m'malesitilanti, pamene anzanga amati vuto ndi kwacha. Kodi chimene chasintha ndi khalidwe lathu kapena ndi ndalamayo?

Mphunzitsi Wopuma, Dedza

Mwana wanga Nambewe, ine ndine wa m'badwo wa bambo ako, ndipo ndisanadzudzule aliyense ndiyenera kunena kuti ife tinalibe zambiri zogula. Wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo kanema wa dziko lino anayamba mu 1999 ife titakula kale. Mwezi ukatha tinkapita ku PTC kapena ku Kandodo kukagula sopo, shuga, mchere ndi parafini, chimanga chinkachokera m'munda mwathu, ndipo ambiri a ife ogwira ntchito m'boma tinkakhala m'nyumba za pa sukulu kapena za boma zimene lendi yake inali yochepa. Zotsala tinkakaika m'buku la ku positi ofesi. Kuti munthu atape ndalamazo ankayenera kupalasa njinga mpaka pa boma, kuima pa mzere ndi kusayina, kotero kuti chilakolako chogula chinthu chinkazirala asanafike n'komwe. Anzathu amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi TEBA, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za ku migodiko, gawo la malipiro awo ankalilandira pamodzi atabwerera kumudzi, n'chifukwa chake ndalamazo zinkasanduka malata, njinga ndi ng'ombe.

Lero ndalama zili m'thumba usiku ndi usana. Chiyambireni Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, munthu amatha kugula, kutumiza kapena kubetcha mpira ali gone pa bedi. Sindikunena kuti ife tinali angelo, pakuti abambo ambiri a nthawi yathu ankamaliza malipiro ku tavani, ndipo akazi awo ndi amene ankapulumutsa mabanja. Koma pa nkhani ya maukwati ndiye sindingakukhululukireni. Chinkhoswe chinali mwambo wa ankhoswe ndi achibale pakhomo, wa nkhuku ndi thobwa. Inu mumabwereka holo pa chinkhoswe, ina pa phwando lotsanzikana ndi mkwatibwi, ina pa ukwati weniweniwo, ndipo anzanu onse amagula nsalu yofanana ndi kusintha ndalama za perekaniperekani Loweruka lililonse kuyambira Ogasiti mpaka Disembala. Zimenezi si kwacha imene inakuuzani.

Wowerengera Ndalama, Blantyre

Bambo aphunzitsi, za maukwati ndi kubetcha mwanena zoona, koma ndikupempha kuti tione bwino buku la ku positi lija. Munthu amasunga ndalama akakhala ndi chikhulupiriro chakuti chaka chamawa zidzagula pafupifupi zimene zikugula lero, ndipo chikhulupiriro chimenecho m'badwo wa a Nambewe sunakhale nachopo. Pamene ambiri a iwo ankayamba ntchito, mu Meyi 2012, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi pafupifupi theka. Mu Meyi 2022 inachepetsedwanso ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo kumayambiriro kwa 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi kupitirira 30 peresenti pa chaka. Pepala la K2,000 linatuluka mu 2016, la K5,000 mu 2022, zimene zikuonetsa msanga momwe ndalama yathu yapepukira. Chiwongoladzanja chimene banki imapereka pa akaunti wamba yosungira ndi chochepa kwambiri poyerekeza ndi kukwera mitengo kumeneku, choncho wosunga ndalama mu akaunti yotero amakhala ngati akutunga madzi m'dengu.

Pa chifukwa chimenechi wachinyamata wanzeru akapeza ndalama amathamangira kuzisandutsa chinthu: matumba a simenti, puloti ku Chileka kapena ku Njewa, galimoto yogwiritsidwapo kale ya ku Japan yodzera pa doko la Dar es Salaam, kapena njinga yamoto yoti mnyamata azichitira kabaza. Wamkulu akaona galimoto pakhomo la lendi amati mwanayu ngwodzionetsera, pamene mwiniwake akudziwa kuti galimotoyo adzaigulitsa pa mtengo woposa umene anagulira, ngakhale kuti phindu lake lenileni limadyedwa ndi mafuta ndi masipeya.

Palinso zolipira zimene makolo athu a m'tauni sankazidziwa pa mlingo umenewu. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu munthu asanalowe. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994 makalasi anadzaza kwambiri, moti kholo la lero limene likufuna kuti mwana wake aphunzire bwino limalipira sukulu yapulayiveti kuyambira ku mkaka. Amene anaphunzira ku yunivesite ndi ngongole ya boma akuyenera kubweza. Bandulo ya intaneti, imene akuluakulu amaiona ngati masewera, kwa ambiri ndi chida cha ntchito chifukwa makasitomala, mabwana ndi zotsatsa ntchito zonse zili pa WhatsApp ndi Facebook. Pomaliza, si zoona kuti achinyamata a pa ntchito sasunga konse. Kuyambira 2011 lamulo la penshoni limakakamiza wogwira ntchito kupereka 5 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba ntchito amawonjezera 10 peresenti, kungoti ndalama zimenezi sizioneka ngati ng'ombe za m'khola. Funso lovuta ndi lakuti zidzagula chiyani munthu akadzapuma.

Mbale Wanu ku Johannesburg

Moni akuluakulu nonse. Agogo anga anagwirako ku migodi, ine ndimagwira ntchito m'sitolo kuno, ndipo cholinga chathu ndi chimodzimodzi, chomwe ndi nyumba ya malata kumudzi ku Mangochi. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo akapita ankangomveka pa kalata, pamene ine foni imalira tsiku lililonse: fizi, mankhwala, feteleza, maliro. Kutumiza ndalama pa Mukuru n'kosavuta, ndipo kukana n'kovuta chifukwa aliyense akudziwa kuti zikhoza kufika lero lomwe. Ndalama zobwera pang'onopang'ono zimathera m'mimba. Anzanga ambiri tsopano amalipira mwachindunji kwa wogulitsa zipangizo zomangira, ndipo mbale amangopita kukatenga simenti ndi malata. Pamene mukuwerenga zimene achinyamata timawonongera ndalama, muziwerenganso zimene timatumiza kwa makolo omwewo amene akutidzudzula.

Mayi wa Banki M'khonde, Mchinji

Achemwali a Nambewe, ine ndimasunga buku la gulu lathu la banki m'khonde momwe muli agogo komanso atsikana a zaka za m'ma 30, ndipo kusiyanaku ndimakuona bwino pa nthawi yogawana mu Disembala. Amayi achikulire ndalama zawo zimapita ku feteleza, mbewu, mbuzi ndi malata. Achitsikana amagula belo la kaunjika, amakapikula zitenje ku Chipata kapena kugula foni yabwino yojambulira katundu wawo kuti azigulitsa pa WhatsApp. Pa kuponya masheya sabata ndi sabata achitsikanawa salephera, ena amaposa ndi amayi awo omwe.

Pamene ndimaona kusiyana kwakukulu ndi pa ngongole. Wachikulire amaopa ngongole ndipo amabwereka pokhapokha pagwa matenda kapena fizi yavuta, koma wachitsikana amabwereka mosaopa, nthawi zina m'magulu awiri kapena atatu, n'kumabweza ngongole ya uku ndi ya uko. Geni ikayenda amatukuka msanga kuposa ife, koma belo likatuluka ndi zovala zosagulika amathera kwa akatapila. Choncho musanayankhe akuluakuluwo, lembani kwa mwezi umodzi ndalama iliyonse yotuluka pa foni yanu, kuphatikizapo zodulidwa potumiza ndi potapa, kenako mulekanitse za lendi, chakudya ndi achibale ndi za maukwati ndi zosangalatsa. Mukatero mudzatiuze gawo lomwe lakula, chifukwa amayi a m'gulu lathu amene anayesa zimenezi anapeza mayankho osiyanasiyana.