Chiwerengero cha omangidwa ku Bourke chikudumphadumpha, cholakwika chili pati?

aNabanda: Akuluakulu, tithandizeni. Tikufuna kudziwa kuti mwa anthu 1,000 aliwonse a mtundu wa Aboriginal (eni nthaka a ku Australia) ku Bourke, m'chigawo cha New South Wales ku Australia, apolisi amamanga angati pachaka. Tagawa milandu ndi chiwerengero cha kalembera wa 2021, koma yankho likusinthasintha kwambiri chaka ndi chaka. Komanso m'mizere ina ya mndandanda wa milanduyo mtundu wa munthu sunalembedwe.

a Phiri: Mayi, yambani ndi nambala yogawirayo. Kalembera wa 2021 anaphonya anthu a Aboriginal ndi Torres Strait Islander (eni zilumba za kumpoto kwa Australia) pafupifupi 17 pa 100 aliwonse. Nambala yapansi ikachepa, yankho limafufuma. Tengani chiwerengero chokonzedwanso cha ABS, bungwe la boma la Australia loona za ziwerengero. Kenako onetsetsani ngati mukuwerenga milandu kapena anthu, chifukwa munthu mmodzi wophwanya malamulo a belo kasanu amadzaza mizere isanu. Ngatinso mizereyo ikutsata malo omwe mlandu unachitikira, wa ku Brewarrina, dera loyandikana nalo, wogwidwa m'tauni ya Bourke alowa mu nambala yapamwamba koma mu yapansi mulibemo. Sankhani potsata kumene munthu amakhala.

a Mwale: Kudumphako n'kwa kuchepa kwa anthu basi. Dera la Bourke silifika anthu 3,000, milandu khumi yokha isuntha chilichonse. Phatikizani zaka zitatu pamodzi. Gawaninso m'magulu a misinkhu musanayerekeze ndi anthu ena: theka la anthu a Aboriginal ndi a zaka 24 kutsika m'munsi, pomwe pa dziko lonse malire amenewo ali pa 38. Achinyamata ndi amene amakumana ndi apolisi kawirikawiri.

aNabanda: Nanga mizere yopanda mtunduyo, bambo Mwale? Tiitaye?

a Mwale: Ayi, ndipo musaiponye kwa amene si a Aboriginal. Werengerani kawiri. Koyamba ichotseni. Kachiwiri, aliyense amene analembedwapo kuti ndi Aboriginal pa mlandu wina mumuwerengere kumeneko. Njira yachiwiriyi imakweza nambala, choncho onetsani mayankho onse awiri.

a Phiri: Musanatulutse tebulo lililonse, bisani mabokosi a anthu osakwana asanu, chifukwa m'tauni yaing'ono anthu amadziwana. Kafukufukuyu atsate malamulo a 2020 a AIATSIS, bungwe loona za kafukufuku wokhudza anthu a Aboriginal ndi Torres Strait Islander, ndipo a Maranguka ndi Bourke Tribal Council, magulu otsogoleredwa ndi anthu a Aboriginal ku Bourke, aone zotsatirazo iwo oyamba.

aNabanda: Zikomo. Tikapempha amene anatipatsa mizereyo kuti atitumizirenso, ulendo uno yosonyeza dera limene munthu aliyense amakhala.