Tiyi wa ku China wooneka ngati chimbale: waola kapena ndi momwe amakhalira?

NaMoyo, Chilomoni

Moni nonse. Ndapatsidwa mphatso ya tiyi wa ku China koma ndasowa pomuyambira. Ndi wobulungira ngati chimbale, wolimba gwa, wokutidwa ndi pepala lopyapyala. Zolemba zake n'za Chitchaina zokhazokha, zomwe ndikutha kuwerengapo ndi 357g, 7572 ndi chaka cha 2019 basi. Masamba ake ndi oderapo kwambiri, ndipo pakati pake pamatirira kapepala kena kosachoka. Ndinabenthulako chidutswa n'kuwiritsa m'poto monga timachitira ndi masamba a ku Thyolo. Zomwe zinatuluka ndi madzi akuda bii, onunkhira dothi lonyowa, kwinaku kafungo ka nsomba kakumveka chapatali. Kodi waola, kapena ndi momwe amakhalira? Ngati ali bwino, amakonzedwa bwanji, nanga ndimusunge pati poti mvula yayandikira?

Bambo Chirwa, Namiwawa

Mayi, musataye. Ameneyo ndi pu-erh, tiyi wa m'chigawo cha Yunnan kumwera chakumadzulo kwa China, ndipo dzinalo ndi la tauni ya Pu'er komwe ankagulitsirako kalekale. Nambala ija ya 7572 ndiyo yaulula zonse. 75 ndi chaka chomwe kasakanizidwe ka masambawo kanakhazikitsidwa, 1975. Sizikutanthauza kuti tiyi wanu ndi wa 1975 ayi, wanuyo anapangidwa mu 2019. 7 wotsatirayo ndi giredi ya masamba, ndipo 2 wakumapetoyo ndi fakitale ya Menghai. Akanakhala 1 bwenzi ili ya Kunming, 3 ndi ya Xiaguan. Kapepala kam'katiko amakatcha neifei, amakapanira limodzi ndi masamba ngati chizindikiro cha amene anapanga. Kulemera kwa 357g sikwangozi: zimbale zisanu ndi ziwiri zimamangidwa pamodzi m'makoko a nsungwi, mtolo umodzi n'kukwana makilogalamu awiri ndi theka.

Tsono kusiyana kwake ndi tiyi wathu ndi uku. Wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, tsamba limafotetsedwa, makina n'kuliphwanya, n'kusiyidwa pampweya ola limodzi kapena awiri kuti lidere, kenako n'kuumitsidwa ndi mpweya wotentha kwambiri. Zikatero nkhani yatha, tsambalo silidzasinthanso kupatula kuguga ndi kutha fungo. Ku Yunnan amatenga masamba akuluakulu, mtundu wa assamica, n'kuwakazinga pang'ono m'chiwaya chachikulu, kuwapotokola, kenako kuyanika padzuwa basi. Poti sanawotchedwe ndi moto waukulu, mumakhala mudakali moyo woti tsamba lipitirize kusintha. Masamba akafika apa amatchedwa maocha, ndipo njira zimapatukana pawiri.

Njira yakale ndi ya sheng, kutanthauza wosapsa. Amawafewetsa ndi nthunzi, kupana n'kukhala chimbale, n'kusiya kuti zaka zichite ntchito yake. Akali watsopano madzi ake amakhala achikasu, owawa, oumitsa m'kamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa. Pakapita zaka khumi, khumi ndi zisanu kapena kupitirira, amafiira n'kufatsa.

Njira inayo ndi ya shou, wakupsa, ndipo 7572 wanuyo ndi wa gulu limeneli. Inayamba mu 1973 ku fakitale ya Kunming pofuna kufupikitsa zaka zodikirazo. Amaunjika maocha mulu waukulu pansi, kuwaza madzi, kufunditsa chinsalu. Amene anapangapo manyowa a kompositi akudziwa zomwe zimachitika: mulu umatentha wokha m'kati, mpaka cha m'madigiri 60, chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe tikudya tsambalo. Amautembenuza kangapo kuti pakati pasapserere, kwa masiku 45 mpaka 60, kenako kuumwaza kuti uume. Ntchito imeneyi amati wo dui. Fungo la dothi, ngati la chizimalupsa chikagwa pafumbi, ndi lake ndithu. Kafungo ka nsombako n'kotsalira kumulu kuja, ndipo kamayenera kuzilala pakapita chaka kapena ziwiri.

Che Matola, Limbe

A Chirwa afotokoza bwino za komwe wachokera. Ine ndinene za kakonzedwe, chifukwa cholakwika chachikulu chinali potoyo. Kuwiritsa chidutswa chosatsuka kumatulutsa zonse nthawi imodzi, fumbi, fungo la mulu ndi mphamvu yomwe ikanakwana makapu khumi.

Yambani ndi kubenthula. Musathyole ngati bisiketi, masamba amaphwanyika n'kukhala fumbi, ndipo fumbi ndilo limadetsa madzi. Gonekani chimbalecho pathebulo, tengani kampeni kobuntha kapena kachitsulo kosongoka koyera, kalowetseni cham'mbali mopingasa kutsata momwe masamba anagonera, n'kutukula pang'onopang'ono. Amayalukira okha m'mizere. Dzanja logwirizira likhale kumbuyo kwa mpeni, osati kutsogolo, chifukwa kachitsulo kakaterereka kamalowa m'chikhatho.

Muyeso wake ndi magalamu 6 pa madzi 100 ml. Ngati mulibe sikelo, chidutswa chosakwana theka la bokosi la machesi. Eniake amagwiritsa ntchito gaiwan, kambale kakang'ono kokhala ndi chivundikiro, koma kapu yaing'ono, sosala yovundikirira, sefa ndi kapu ina yotsanuliramo zikwanira.

Madzi akhale owira kwenikweni. Kuno ku Blantyre tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndiye madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, safika 100. Shou amafuna kutentha konse komwe mungapeze, choncho tsukuluzani kapu ndi madzi otentha musanaikemo masamba, ndipo ketulo isakhale pansi nthawi yaitali. Thirani madzi, werengani masekondi 10, tayani. Bwerezani kachiwiri, tayaninso. Vundikirani masamba onyowawo kwa mphindi imodzi kuti nthunzi iwamasule. Tsopano ndiye kumwa: koyamba masekondi 10, kachiwiri 10, kenako 15, 20, 30, 45, mphindi yathunthu, muzingoonjezera malinga ndi momwe mtundu ukuchepera. Masamba omwewo amapirira kasanu ndi katatu, mwina kakhumi. Chinsinsi n'kukhuthula madzi onse nthawi iliyonse. Mukasiya otsalira pansi, masamba amapitiriza kuvikika ndipo kapu yotsatira imakhala yolemera ngati phala.

Ngati zimenezi zikukutayitsani nthawi m'mawa, ikani magalamu 5 m'tipoti ya theka la lita, tsukani kawiri chimodzimodzi, dikirani mphindi zitatu. Shou amalolanso fulasiki, magalamu 3 pa theka la lita, amakhalamo maola angapo osawawa. Sheng watsopano musamuyese zimenezo, simungamwe. Poto ali ndi nthawi yake kumapeto: masamba akatopa, awiritseni mphindi zitatu kapena zisanu, amatulutsa kapu imodzi yotsekemera mofatsa.

Pali zinanso zimene zimaononga tiyi anthu asakudziwa. Madzi a pampopi akamamveka klorini, atungeni madzulo agone m'ndowa yosavundikira. A pachitsime kapena pamjigo akakhala a mchere wambiri, tiyi amazimirira kukoma ndipo pamwamba pamayandama kachikopa. Ndipo magetsi akathima n'kuwiritsira pambaula, dikirani makala ayake bwino, ketulo ikhale yotseka, apo ayi mumwa utsi. Poto amene munaphikamo ndiwo asayandikire n'komwe.

Mukatsanulira, kwezani tambula yagalasi kuwindo. Shou wabwino amaoneka wofiira moderapo koma kuwala kumadutsa. Akakhala wa matope kuyambira kapu yoyamba mpaka yachisanu, pali vuto.

NaMoyo, Chilomoni

Zikomo akuluakulu. Ndatsata za a Matola ndipo zasinthadi, kapu yachitatu inali yosalala pakhosi, ngakhale kafungo kaja sikanatheretu. Ndifunsenso: mkaka ndi shuga n'zololedwa? Ena akuti tiyiyu amachepetsa thupi, n'zoona? Komanso ndikuona timasamba tina tofiirira mowala ngati golide, kodi si chuku chimenechi?

Mayi Kalua, Nyambadwe

Achemwali, timasamba towalato ndi nsonga zanthete za tiyi. Zimakhala ndi ubweya, ndipo zikadutsa pamulu uja zimasanduka zagolide. Si vuto. Chuku chimaoneka mwina: ulusi woyera ngati thonje womera pamwamba pa tsamba, kapena mawanga obiriwira, akuda kaya achikasu, ndi fungo la zovala zomwe zagona zonyowa m'beseni. Mukamwa chimakanda kukhosi. Mukaona zimenezo tayani chimbale chonse, musati mupale pamwamba pokha. Zili ngati chuku cha mtedza ndi chimanga, poizoni wake satha ndi kuwiritsa. Mudzamva ena akunena za "maluwa agolide" kuti ndi abwino. Zoona, koma amenewo ndi a tiyi wina, wopanidwa ngati njerwa, wotchedwa fu zhuan, wa ku Hunan, chigawo china cha China, komwe amameretsa dala mtundu umodzi wodziwika, Eurotium cristatum. Timadontho tachikasu tikamera pa pu-erh m'kabati ya ku Chilomoni, palibe angakutsimikizireni kuti ndi tomwe tija.

Pa kafungo ka nsomba ndisiyaneko pang'ono ndi a Chirwa. Tiyi wa 2019 anayenera kukhala atakataya kale. Ngati kadakalipo, mwina anatsekeredwa m'pulasitiki zaka zonsezi osapuma, mwinanso si wa fakitale yomwe pepala likunena, chifukwa manambala otchuka ngati 7572 ndi 7542 ndiwo amaberedwa kwambiri ndi opanga zachinyengo. Yesani izi: benthulani magalamu 50, muwamasule, muwaike m'envulopu yapepala kapena m'kamtsuko kadothi katsopano, pamalo opanda fungo, kwa masabata awiri. Ngati linali vuto la kutsekeredwa, kafungoko kachepa moonekeratu. Kakakhala kowawasa kapena konyansa n'kumakulirakulira, muluwo unaonongeka kufakitale ndipo kudikira sikungathandize.

Kasungidwe ndiye nkhani yaikulu kuno. Mabuku ambiri amati musiyeni apume pampweya, koma olembawo sakhala ku Blantyre mu Febuluwale. Pu-erh amafuna chinyezi cha mumpweya cha 60 mpaka 70 peresenti, kutentha kwa madigiri 20 mpaka 30, mumdima. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyezi chathu chimapitirira pamenepo masiku ambiri, ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimanyowetsa makoma ngakhale kukuzizira. Nsapato zachikopa zikayamba kuyera m'wadiropu, dziwani kuti tiyinso ali pangozi. Nyengo zimenezi musiyeni m'pepala lake, muike m'thumba la zipi losungira zakudya kapena m'chitini chotseka bwino, ndipo mutsekere tsiku lowala dzuwa, osati mvula ikugwa. Muzimuyang'ana kamodzi pa masabata awiri. Mu Seputembala ndi Okutobala vuto limatembenuka, kumauma kwambiri, tiyi amaphwa fungo n'kumamveka ngati udzu. Apanso thumba lotseka limathandiza. Miyezi yotsalayo katoni yoyera yokha ikwanira. Ka hygrometer kotchipa, kachipangizo koyezera chinyezi, m'katonimo kamachotsa zongoganizira.

Asakhale pansi pasimenti, asatsamire khoma lakunja, asalowe m'firiji. Kukhitchini ayi. Tsamba louma limayamwa fungo lililonse, sopo, parafini, usipa, perefyumu, mankhwala a njenjete, ndipo likayamwa silibweza. Mukadzapeza sheng, musamuphatikize katoni imodzi ndi shou, amatengera fungo la mnzakeyo.

Mkaka thirani ngati mukufuna, shou amaulandira bwino, ndipo ku Tibet tiyi wa njerwa amamwa ndi batala ndi mchere kuyambira kalekale. Kungoti yambani mwamudziwa yekha. Za kuchepetsa thupi musaziikire mtima, ndi chakumwa, si mankhwala, ndipo a shuga kapena BP asasiye mapiritsi awo chifukwa cha iye. Caffeine alimo, kutsuka kwa masekondi 10 kuja sikumuchotsa, ndiye amene tulo timawavuta asamwe usiku. Monga tiyi aliyense, amachepetsa ayironi amene thupi limatenga m'chakudya, choncho amayi oyembekezera ndi ochepa magazi atalikitse ola limodzi kapena awiri pakati pa nsima ndi kapu.

Bambo Chirwa, Namiwawa

Pa za 2019 mayi Kalua akhoza, ndinalumpha chakacho. Ndiwonjezere kamodzi, poti ena akuwerenga pano ayamba kale kuganiza zogula mtolo n'kubisa kuti udzakwere mtengo. Shou sasintha kwambiri akadutsa zaka zingapo zoyambirira, amangoyera fungo n'kusalala. Amene amasinthadi ndi sheng, koma amafuna tsamba labwino poyamba, loipa limangokhala loipa lokalamba. Ku China komweko mitengo inakwera mopenga anthu akugula ngati chuma, n'kugwa mu 2007, ambiri anatsala ndi zipinda zodzaza tiyi wopanda wogula. Ofuna kudziwa kusiyana kwake aitanitse tizidutswa toyesera ta magalamu 25: sheng watsopano, sheng wa zaka khumi ndi shou, n'kuwakonza tsiku limodzi ndi madzi amodzimodzi. Kwa sheng watsopanoyo madzi aziziritseni pang'ono, cha m'madigiri 90, ndipo musamwe m'mimba muli mopanda kanthu, amachititsa nseru.

Ndipo wina asavutike kusunga paketi ya tiyi wa kugolosale zaka khumi poganiza kuti asanduka pu-erh. Uja anaumitsidwa ndi moto, mulibe chotsala choti chigwire ntchito. Mumweni akali watsopano.